Dzina Limene Tinabwereka ku Ntaja

Ndalemba izi pofuna kulongosola, mwadongosolo ndiponso mosabisa kanthu, mmene mwana wanga wamkazi anatayira zinthu ziwiri, zomwe ndi masewero a hoke ndi maphunziro a ku koleji, komanso mbali imene ine bambo wake ndinatengapo pa nkhaniyi. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ena mwa okhudzidwa akali pa ntchito, ndipo ndikawatchula ndiwaputira milandu imene mwini wake ndine.

Poyamba ndifotokoze za ine mwini. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinagwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ina pa boma la Balaka kwa zaka zambiri, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaphunzirira kulemba. Pa nthawi ya nkhomaliro, akalaliki akatuluka, ndinkatsegula mafayilo akale ndi kukopera makalata m'kope langa, kufikira nditadziwa pokhala keyala, pokhala mutu wa nkhani, ndi mawu amene munthu wamng'ono amayamba nawo polankhula ndi wamkulu. Nditapuma ntchito ndinaika tebulo pansi pa mtengo wa nimu, kufupi ndi positi ofesi, ndipo kufikira lero ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito, odandaula za malire a munda, ndi opempha kusamutsa mwana sukulu. Ndinali ndi chikhulupiriro chakuti palibe chinthu chokhota chimene kalata yolembedwa bwino singachiwongole.

Masewero a hoke anafika kwathu ndi mphunzitsi wina amene anasamutsidwa kuchokera ku Blantyre. Anabwera ndi thumba lalitali lodzaza ndodo zopindika kumapeto, ndi timipira toyera tolimba ngati mwala. Anapempha bwalo la fumbi limene lili kuseri kwa njanji, nalemba mizere ndi phulusa, nayamba kuphunzitsa ana a pulayimale masana akaweruka. Anthu a pa Balaka anali asanaonepo zotere. Anyamata a kabaza ankaimika njinga zawo m'mphepete mwa bwalo ndi kumaseka, poona ana akuthamanga chowerama.

"Aphunzitsi," ankatero, "mukamaliza kusesa pamenepo mubwere musesenso ku depoti."

Mwana wanga anali Sitandade 5 pa nthawiyo. Amayi ake anakana poyamba, ati kampirako kadzamugulula mano ndipo palibe mwamuna adzamuyang'ane. Iye anapitabe. Ine ndinakamuonerera tsiku lina ndikuchokera ku tebulo langa. Sindidziwa malamulo a masewerowo kufikira lero, koma ndinaona kuti kampira kakafika pa ndodo yake kankakhala ngati kamangiriridwa ndi ulusi, ndipo anzake, ngakhale anyamata, ankatsalira m'fumbi lake. A kabaza aja anasiya za kusesa, nayamba kumukuwira kuti "Dutsa, mlongo, dutsa."

Mphunzitsiyo, amene ana ankamutcha akochi, anatumiza mayina a osewera ake ku kaundula wa oyendetsa masewerowo ku Blantyre. Anandipempha khadi la ubatizo la mwanayo, nakopera dzina lake lenileni ndi tsiku lake lenileni lobadwa. Mfundo imeneyi owerenga aisunge.

Mwana wanga atalemba mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Kwa amene si a kuno ndifotokoze mwambo umene ulipo. Anthu amakhulupirira kuti mwana wobwereza kalasi pa dzina lomwelo sasankhidwa, chifukwa osankha amaona kuti analembapo kale. Choncho makolo ambiri amamusamutsira ku sukulu ina, namulembetsa pa dzina lina, makamaka la wachibale amene anasiyira sukulu panjira koma dzina lake likali m'mabuku. Ngati chikhulupirirochi n'choona sindinafufuze. Aliyense ankachita, ndipo ine ndinali nditalembera kale mabanja angapo makalata otere.

Mkazi wanga kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Mkulu wake anali ndi mwana wamkazi, wamkulu kwa mwana wanga ndi zaka ziwiri, amene anasiya sukulu ali Sitandade 7 nakwatiwa ndi mnyamata wogulitsa nsomba za ku Chiuta. Mlongo wa mkazi wanga, amene ana onse amamutcha amjomba ndipo ndiye mwini mbumba, ndi amene anabweretsa ganizolo.

"Alamu," anatero, "dzina likungokhala m'kaundula ngati njinga yopanda mwini. Mwini wake akuphika nsomba, alibe nalo ntchito. Tengani, mwana akwerepo."

Ndinalemba kalata yopempha kuti msuweniyo asamutsidwe kuchokera ku sukulu yake ya ku Ntaja kupita ku sukulu ina ya ku Rivirivi, kumene kumakhala mlongo wanga ndipo kunalibe wodziwa nkhope ya mtsikana aliyense mwa awiriwa. Ahedi a ku Ntaja anadinda. Ahedi a ku Rivirivi analandira. Wopita kukakhala pa desiki anali mwana wanga. Mwezi wathunthu asananyamuke tinkamuitana dzina latsopanolo pakhomo kuti alizolowere, ndipo akachedwa kuyankha amayi ake ankamukalipira. Iye ankaseka, namati, "Amene mukumuitanayo ali ku Chiuta."

Chaka chimenecho anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya pa Balaka pomwe pano. Ndinaona ngati ndapambana. Anabwerera kunyumba, nabwereranso ku bwalo la kuseri kwa njanji. M'mawa m'kalasi anali msuweni wake, masana pa bwalo anali iye mwini. Akochi titawafotokozera anangopukusa mutu nati, "Pa bwalo pano ine ndikudziwa dzina limodzi, ndipo sindisintha." Zinayenda chotero zaka ziwiri popanda chovuta, ndipo mayeso a Fomu 2 anakhoza bwino, satifiketi yake itatuluka pa dzina lobwerekalo.

Kumayambiriro kwa Fomu 3 akochi anatenga atsikana awo kupita ku mpikisano ku Blantyre. Kumeneko mwana wanga anasewera koyamba pa kapinga wopanga, wothiridwa madzi. Atabwerako sanakambe za nyumba zosanja kapena magalimoto, anangokamba za bwalolo.

"Ababa, kampira kamapita kumene mwakatuma. Kulibe mwala, kulibe dzenje. Ndinachita manyazi, ngati ndikubera."

Patapita masabata atatu kunabwera kalata, kudzera mwa akochi. Inali yochokera ku timu ina ya mu mzindawo. Inanena kuti akufuna mwana wanga alowe m'timu yawo ya atsikana yosewera mu ligi ya achinyamata osakwana zaka khumi zisanu ndi zitatu, ndiponso kuti sukulu ina yogonera konko, imene amagwirizana nayo, idzamupatsa malo mu Fomu 3. Ndinaiwerenga kawiri, ndikuyamikira kayalidwe kake. Kachitatu ndi pamene maso anga anaima pa ndime yotsiriza. Ankafuna zinthu zitatu: umboni wa tsiku lobadwa, satifiketi ya Fomu 2, ndi kalata yosamutsira sukulu, zonse za munthu amene ali m'kaundula wawo.

Tinakhala pakhonde Loweruka masana, ine, mkazi wanga, akochi ndi mwanayo. Akochi anayala mapepala awiri pa mpando, khadi la ubatizo kumanzere, satifiketi kumanja.

"Abambo, nkhani ili chonchi," anatero. "Mtsikana wa kumanzereyu ali ndi zaka khumi zisanu ndi chimodzi. Ligi ikumufuna, koma sanapondepo ku sekondale. Wa kumanjayu ndi wanzeru, ali Fomu 3, koma zaka zake zakwana kale, ndipo sanagwirepo ndodo. Iwo akufuna mtsikana mmodzi. Ife tili ndi awiri, aliyense ndi theka lake."

"Nanga sitingawalembere kuti ndi munthu mmodzi?" anafunsa mkazi wanga. "Abambo awa amalemba zovuta kuposa zimenezi."

Ndinayankha kuti ndikafunsa kaye. Lolemba ndinapita kwa kalaliki wina wa ku khoti amene ndinkadziwana naye kuyambira masiku a umesenjala, ndipo ndinamufotokozera ngati nkhani ya munthu wina. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Madala," anatero, "kulumbira ku khoti kumathandiza pamene chilembo chalakwika, kapena munthu wawonjezera dzina la mwamuna wake. Koma apa pali anthu awiri, onse obadwa, onse amoyo. Munthu wanuyo akalumbira, ndiye kuti wadzibweretsa yekha, wabweretsanso ahedi awiri, ndipo satifiketi ya mwanayo ikhoza kufafanizidwa. Muuzeni munthu wanuyo akhale chete." Potsiriza anandiyang'ana nati, "Mwana wa munthu wanuyo ndimamuona pa bwalo paja. Amathamanga."

Choncho panatsala njira ziwiri. Yoyamba, apite ku Blantyre pa dzina lake lenileni, asewere mu ligi, azikhala kwa mayi wina wa m'komiti ya timuyo, ndipo sukulu ayambirenso Fomu 1 pa sukulu ya masana, pogwiritsa ntchito zotsatira zake zoyamba za Sitandade 8. Yachiwiri, akhale pa Balaka, amalize Fomu 4 pa dzina lobwereka, ndi kuyembekeza koleji.

Ndinafunsa akochi funso limodzi, kuti kodi m'dziko muno alipo amene amadya za hoke. Munthu uja sananame.

"Iyayi, abambo, palibe. Ngakhale oimira dziko amagwira ntchito zina. Chimene chilipo n'chakuti amaonedwa. Ena amapeza malo a sukulu, ena amatengedwa ku usilikali kapena ku polisi chifukwa cha masewero, ena sapeza kanthu. Lonjezo ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa zaka zonse ndaphunzitsa sindinaonepo manja ngati awa."

Mwana wanga si wotsutsana ndi akulu pagulu. Anadikira akochi atapita, nabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mpando wanga.

"Ababa, ligi ndi ya zaka ziwiri zokha kwa ine. Zikatha zatha. Sukulu sithawa."

"Kubwerera Fomu 1 uli Fomu 3 ndi kuthawa kwa sukulu kumeneko," ndinatero.

"Koma ndikhala ndikuphunzira pa dzina langa."

"Dzina sadya, mayi. Ndodo ilibe penshoni. Ine ndanyamula mafayilo a anthu moyo wanga wonse chifukwa chosowa pepala limodzi. Iwe latsala pang'ono kulowa m'manja mwako."

Anajambula pansi ndi kamtengo. Kenako anafunsa funso limene ndimalimva kufikira lero.

"Nanga chiphaso cha unzika ndidzatenga pa dzina liti?"

Ndinamuyankha kuti, "Za mapepala undisiyire ine." Mumtima mwanga ndinali nditaganiza kale kuti akamaliza Fomu 4 tidzamutengera chiphaso pa dzina lobwerekalo, ndipo adzakhala nalo mpaka kalekale. Sindinaganize zofunsa ngati msuweni wake anali atatenga kale chiphaso chake. Ndinkamuona ngati mtsikana wa kumudzi wopanda chochita ndi maofesi. Funso limenelo likanatha ndi foni imodzi, ndipo ine munthu wa mapepala sindinaliganize.

Mkazi wanga anati nkhani yaikulu chotere imveke kwa mwini mbumba, ndipo tinakwera minibasi kupita ku Ntaja. Tinawapeza amjomba akuchokera ku mzikiti, ndipo anatimvera ali chiimire pakhomo la golosale yawo.

"Tinabwereka dzina kuti mwana aphunzire," anatero, "osati kuti azithamangitsa dzira ndi mpini wa khasu. Amalize sukulu. Inshallah adzakhala namwino, adzatibaya jekiseni tonse."

Mawu awo anagwirizana ndi anga, ndipo ndinabwerera ndili wolimba mtima. Sindikuwaimba mlandu. Akanati apite, ndikhulupirira ndikanapezabe njira yokanira.

Kalata yokana ndinailemba ndekha, ndipo ndinailemba katatu kufikira itakhala yopanda chofufuta. Ndinathokoza timuyo chifukwa cha chidwi chimene inaonetsa, ndinafotokoza kuti banja, litaunika mbali zonse, laona kuti n'koyenera kuti mwanayo aike mtima pa maphunziro pa nthawi ino, ndipo ndinapempha kuti khomo likhale lotsegula mtsogolo. Ndinamupatsa kuti awerenge asanakapereke kwa akochi. Anawerenga mpaka pa siginecha, naipinda bwinobwino.

"Mwalemba bwino, ababa," anatero.

Miyezi yoyamba ankapitabe ku bwalo. Anzake awiri amene ankasewera naye, osafika pa luso lake, anatengedwa m'malo mwake, ndipo ankamutumizira zithunzi pa foni ya amayi ake, atavala yunifolomu ya timu pa kapinga uja. Ankaziyang'ana, nabweza foni. Pofika pakati pa Fomu 3 anayamba kunena kuti ntchito ya kusukulu yachuluka. Ndodo yake, imene akochi anamupatsa kuti ikhale yakeyake, anaiika kuseri kwa chitseko. Ine ndinakondwera, poganiza kuti mwana wakhwima. Ankawerenga kwambiri, ngati munthu wobwezera chipongwe.

Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino koposa anzake ambiri a pa sukulupo. Zotsatira zake zinali zokwanira kupempha malo ku koleji ya aphunzitsi ngakhalenso ya anamwino. Tsiku limenelo ndinatseka tebulo langa msanga ndi kuyenda msika wonse ndikuuza anthu. Titapeza mafomu a koleji, pamzere wachitatu panalembedwa kuti nambala ya chiphaso cha unzika. Ndinamuuza kuti avale bwino, tipite ku ofesi yolembetsera.

Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Kalaliki amene tinamupeza anali mnyamata amene anayamba ntchito ine ndili pafupi kupuma, ndipo anandizindikira. Ndinamupatsa fomu imene ndinadzaza ndekha: dzina lobwereka, tsiku lobadwa lobwereka, dzina la mayi, mudzi, mfumu, zonse za ku Ntaja, monga zinalili m'mabuku a sukulu. Analowetsa mu kompyuta. Anaima. Anayang'ana mwana wanga, nayang'ananso pa kompyuta, kenako anaitembenuza pang'ono kuti ndione. Panali nkhope ya msuweni uja, atafunda mpango wake kumutu.

"Munthu uyu alipo kale, madala," anatero motsitsa mawu. "Zala zake tili nazo."

Ndinayamba kufotokoza kuti mwina pali kufanana kwa mayina, monga zimachitikira m'mabanja.

"Dzina, tsiku, mayi, mudzi, zonse kufanana? Madala, munandiphunzitsa ndinu kusunga fayilo. Tengani pepala lanuli, mutuluke ngati munabwera kudzandipatsa moni."

Tinatuluka. Panja mwana wanga anafunsa ngati ndili ndi ludzu, nakandigulira madzi a m'pepala. Sanatchule za tsiku lija pakhonde, ndipo sanatchulepo kufikira lero. Titaimba foni ku Ntaja tinamva kuti msuweniyo anatenga chiphaso kalekale, mwana wanga akali Fomu 1, chifukwa mwamuna wake ankafuna kulembetsa nambala ya foni ndiponso kulowa m'kaundula wa feteleza. Ndiye kuti pa tsiku limene ndinkati za mapepala andisiyire ine, njira imene ndinkamukakamiza inali itatsekeka kale.

Patapita mwezi mwana wanga anakatenga chiphaso pa dzina lake lenileni, chifukwa munthu sangakhale wopanda chiphaso. Kuyambira pamenepo anali ndi chiphaso chopanda satifiketi, ndi satifiketi yopanda chiphaso.

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinalembera ku ofesi yoyang'anira mayeso, osatchula dzina, kufunsa ngati pali ndondomeko yosinthira dzina pa satifiketi pamene mwini wake analembetsa molakwika. Yankho linabwera la mizere itatu, lakuti dzina limene munthu analembera mayeso ndi limene limakhala. Ndinalemba kalata ina yaitali, youlula zonse ndi kupempha chifundo, ndipo ndinaikopera bwino. Sindinaitumize. Ahedi a ku Rivirivi anali atatsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo anandithandiza popanda kulandira kanthu. Kalatayo ili m'fayilo langa.

Akochi, atamva, anayesa mbali yawo. Zaka za ligi ya achinyamata zinali zitadutsa, koma anapempha kuti timu ya akuluakulu imuyese. Mwana wanga anapita m'mawa pa basi, nabwera tsiku lomwelo madzulo. Ndinamufunsa mmene zayendera.

"Mutu ukudziwa kumene kampira kakupita," anatero, "koma ndikafika kapita kale. Anzanga aja akhala pa kapinga zaka ziwiri. Anandilandira bwino. Anati ndiziyeserera kunyumba."

Sanapitenso. Chaka chotsatira akochi anasamutsidwa kupita ku boma lina, natenga thumba lawo la ndodo, ndipo bwalo lija anthu anayamba kuumbapo njerwa.

Chomaliza chinachitikira pa tebulo langa. Tsiku lina m'mawa ndinaona amjomba akubwera, pamodzi ndi mwamuna wa msuweni uja, atanyamula kamtolo ka nsomba zouma. Tinapatsana moni wautali. Kenako mnyamatayo anatulutsa pepala limene anamatula pa chipatala china cha kwawo, lonena kuti pakufunika alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndipo ofunsira akhale ndi satifiketi ya Fomu 4.

"Ababa," anatero, akuyang'ana pansi, "tamva kuti pepala lija likungokhala. Ndiye poti lili ndi dzina la mkazi wanga, timati mwina lingagwire ntchito."

Ndinayankha kuti mkazi wake sanalembe mayeso amenewo, ndiponso kuti mwana wanga anawavutikira zaka zinayi.

"Alamu, musakwiye," anatero amjomba. "Chobwereka chimabwerera kwa mwini wake. Tinakupatsani dzina lili lowonda, likubwera litanenepa. Inu simungalidye, mwana wanu sangalidye. Liwolere m'fayilo chifukwa cha mkwiyo?"

Ndinati yankho lili ndi mwini thukuta, ndikuyembekeza kuti iye akana ndipo nkhani ithera pomwepo. Tinapita kunyumba tonse. Mwana wanga anawalandira, anawapatsa madzi, anamva zonse atakhala pa mkeka. Kenako analowa m'chipinda changa, natenga satifiketi m'fayilo, naipereka kwa amjomba ake ndi manja awiri.

"Apatseni achemwali," anatero. "Mwina kwa iwo likhala ndi phindu. Musalipinde pakati, limang'ambika."

Atalandira, mnyamata uja anakanda kumutu nanena kuti patsala chinthu chimodzi, kalata yofunsira ntchito, poti onse akudziwa kuti m'banja muno wolemba ndine. Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anati, "Alembereni, ababa. Maphunziro ake mukuwadziwa." Ndinalemba. Ndinandandalika maphunziro onse amene mwana wanga anakhoza, limodzi ndi limodzi, pansi pa dzina la munthu amene analekezera Sitandade 7. Pochita zimenezi ndinadziwa kuti ndikubwereza cholakwa choyamba chija, ndipo sindinapeze mawu okanira.

Msuweniyo anaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Tinamva kuti anamupatsa ndime ya Chingerezi kuti awerenge ndi kufotokoza, ndipo anangoti mutu ukumupweteka, natuluka. Ntchito sanaipeze. Satifiketi sinabwerere kuno. Akuti ili pansi pa sutikesi ku Chiuta, pamodzi ndi makadi a sikelo a ana awo. Mwana wanga atamva anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Inali ndime yanji? Mwina ndikanaidziwa."

Pakali pano amagwira ntchito m'kakanyumba ka malata kufupi ndi siteshoni ya sitima, kogulitsiramo mayunitsi a foni, ka mayi wina wa m'tauni muno. Zenera la kanyumbako ndi la chitsulo, lotsegukira m'mwamba, ndipo chogwiriziza chake chinathyoka. Amalichirikiza ndi ndodo yake ya hoke, kopindika kuli m'mwamba, chifukwa akuti msinkhu wake ndi wokwanira bwino. A kabaza ena akale amamukumbukira, ndipo akamagula mayunitsi amamuti, "Dutsa, mlongo." Iye amawayankha kuti, "Ndidutse ndipite kuti, achimwene? Nenani nambala."

Njira imodzi yatsala, ndipo ndi yomwe ija ndinaikana pakhonde. Akhoza kuyamba Fomu 1 pa sukulu ya masana, pa dzina lake lenileni, ndi kukhala zaka zinayi pakati pa ana amene anali Sitandade 2 iye akusewera ku Blantyre. Ndinakatenga fomu yake. Ndinadzaza mizere yonse ndi zilembo zazikulu, ndinamata chithunzi, ndinalemba ndi kalata yoperekeza yopempha ahedi kuti aganizire msinkhu wake mwachifundo. Patsala malo amodzi, osayina mwini wake.

Ndamupatsa fomuyo kawiri. Ulendo woyamba anati aiona mawa. Ulendo wachiwiri ndinapita nayo ku kanyumba kaja, ndinaiika pa zenera pamodzi ndi cholembera, ndipo ndinamufotokozera mfundo zanga zonse monga ndinazikonzera. Anamvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza. Kenako anakankhira pepalalo kwa ine pang'onopang'ono, kuti mphepo isaliulutse.

"Ndinakhoza kale, ababa," anatero.

Kumbuyo kwanga kunali munthu wofuna mayunitsi, choncho ndinapatuka kuti adutse. Fomuyo ndinaibwezera m'fayilo, pamwamba pa kalata ija yosatumizidwa, ndipo nthawi yolandira mafomu ya chaka chino yatha.